Kapepala ka M'thumba: Nkhani Yochokera ku Rumphi

Munthu wokwera basi ku Karonga kulinga ku Mzuzu, asanayambe chitunda chachikulu chija chochoka m'mphepete mwa nyanja kukwera kumapiri, amafika pa Chiweta, m'boma la Rumphi, pomwe apolisi akhala akuimika galimoto kwa zaka zambiri. Ogulitsa nthochi ndi usipa amathamangira m'mazenera, ndipo wapolisi amasuzumira pakhomo. Kaŵirikaŵiri amangoyang'ana katundu n'kuuza dalaivala kuti apitirire. Koma tsiku lina amaloza munthu mmodzi, nanena mwaulemu wa kumeneko: "Adada, tiwoneko chiphaso." Mnyamata amangopisa m'thumba, maso ali pa foni, n'kupereka. Nkhalamba ndiyo imayamba yakhala chete, kenaka n'kumasula pang'onopang'ono kathumba ka pulasitiki, dzanja likunjenjemera, ngakhale kuti chiphasocho ili nacho ndipo palibe chimene yalakwa.

Kunjenjemera kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo omvera a ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Mangochi aizindikira msanga, pakuti inachitikanso kwawo.

Kapepala koyamba kamene anthu a m'chigwa cha Henga ndi ku Nkhamanga anaphunzira kusunga kanali ka msonkho. Boma la atsamunda litakhazikika m'chaka cha 1891 silinachedwe kuika msonkho wa nyumba, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 msonkhowo unali utakuta chigawo chonse cha kumpoto. Wolipira ankalandira chiphaso, ndipo amesinjala a boma akafika pamudzi ankafuna kuchiona. Wopanda chiphaso ankagwidwa, mwina kukagwiritsidwa ntchito, ndiye chifukwa chake mbiri ikamveka kuti amesinjala ali m'njira, amuna ankayamba ulendo wa kuphiri kusanache. Tsono ndalama ya msonkhoyo ikanachokera kuti? Kumpoto kunalibe minda ikuluikulu ya azungu yolemba anthu ambiri ntchito monga ku Thyolo ndi ku Mulanje. Anyamata anayamba kutsetsereka wapansi kunka ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerakonso, aja ankatchedwa matchona.

Kumeneko n'kumene anakakumana ndi chitupa chenicheni. Ku Southern Rhodesia mwamuna aliyense wakuda ankayenera kuyenda ndi chikalata chonena dzina lake, kwawo ndi bwana wake, ndipo wapolisi aliyense anali ndi mphamvu yomuimika pamsewu. Ku South Africa malamulo a mapasi anali oŵaŵa koposa. Mmodzi mwa anthu amene anadziŵika polimbana nawo anali Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, yemwe anaphunzira ku Livingstonia, pa Khondowe pompano m'boma la Rumphi, ndipo m'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. Patapita zaka makumi anayi, pa 21 March 1960, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa chionetsero chokana mapasi omwewo, ndipo malamulowo sanathe mpaka 1986. Amuna a ku Hewe, ku Mhuju ndi ku Bolero amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela anabwerako ndi masutikesi, njinga ndi mawailesi, komanso ndi chizoloŵezi chogwira pathumba la malaya akangoona yunifolomu.

Ufulu utabwera mu 1964, ambiri anayesa kuti zofunsana mapepala zapita ndi atsamunda. Sizinatero. Msonkho unatsala, ndipo pambali pake panabwera khadi la chipani cha Malawi Congress Party, chomwe kuyambira 1966 chinali chipani chokhacho chololedwa m'dziko. Khadilo linkagulidwa chaka ndi chaka. Pamapepala kugula kunali kwa ufulu. Pachipata cha msika zinali zina. Anyamata a Youth League ovala malaya ofiira, aja anthu ankaŵatcha achiswe akakhala kuseri, ankaima pakhomo la msika, pokwerera basi, ngakhale panjira ya kuchipatala. Mayi amene wasenza dengu la nyemba kuchokera kumapiri a ku Phoka, atayenda theka la tsiku, ankatha kubwezedwa ndi mwana wa msinkhu wa mwana wake, kapena kutulirapo ndalama imene anasungira mchere ndi sopo. M'madera ena kunamveka kuti amayi oyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso mwana wa m'mimba.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchiyang'anitsitsa pa khadi limeneli. Linalibe chithunzi cha mwini wake, ndipo wofunsayo analibe nazo ntchito zoti woima pamaso pake ndi yani. Nthaŵi zambiri ankamudziŵa kale: anali mnansi, mwina mlamu, mwina mphunzitsi amene anamuphunzitsa kuŵerenga. Chimene khadi linkanena n'chakuti munthuyo walipira ndipo wagonja. Pamfundo imeneyi silinasiyane konse ndi chiphaso cha msonkho cha mzungu. Umboni wake ndi zimene zinagwera a Mboni za Yehova, amene chifukwa cha chikhulupiriro chawo anakana kuligula. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi za anthu ake zinathaŵira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, nyumba ndi nkhokwe zawo zitatenthedwa. Maina awo ankadziŵika ndi mudzi wonse. Chimene chinasoŵa ndi kapepala basi.

Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munaŵerengedwa kalata ya maepiskopi, ndipo mwa zinthu zimene inadandaula munali kutsekereza anthu opanda khadi kumisika, kuzipatala ndi kokwerera mabasi. Mwezi wotsatira, pa 6 April, Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju m'boma lomweli la Rumphi, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993 khadi linali litatha mano, ndipo zipata za misika zinatsala za okhometsa ziphaso za malonda okha.

Zaka zoposa makumi aŵiri zotsatira, Mmalaŵi wamba anakhala wopanda chomudziŵitsa. Kwa amene anazunzika ndi makhadi, umenewu unali mpumulo. Koma mpumulowo unali ndi minga yake. Mlimi wa fodya wa ku Hewe wofuna kutsekula buku kubanki kuti alandiriremo ndalama za ku okushoni ya ku Mzuzu ankafunsidwa pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto, zinthu zimene sanazilotepo. Ankathamangira kwa nyakwaŵa kukatenga kalata, n'kukadinditsa kwa mfumu yaikulu, mwinanso kwa bwanamkubwa wa boma, ndipo khadi lovotera linasanduka chitupa cha aliyense ngakhale silinapangidwire zimenezo. Anthu a ku Hewe ankaona kusiyanako ndi maso awo, pakuti abale awo a tsidya lina la malire, kwa Muyombe m'dziko la Zambia, olankhula Chitumbuka chomwecho, akhala ndi khadi lobiriŵira la unzika kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

Lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010, koma ntchito yeniyeni inachitika mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP ndi maiko ena, linatumiza alembi m'masukulu ndi m'mabwalo ndi makina oyendera mphamvu ya dzuŵa. Aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo anajambulidwa nkhope ndi zidindo za zala, ndipo m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi anthu oposa 9 miliyoni analembedwa. Kapepala ka m'thumba kameneka kananyamula nkhope ya mwini wake, ndipo sikananene za ngongole yake kwa wina aliyense. Kanangonena kuti uyu ndi uje, mwana wa dziko lino.

M'boma la Rumphi funso limeneli silinali lapafupi monga momwe lingaonekere ku Lilongwe. Malire a kumeneko anadulidwa pakati pa abale. Msewu womwe wopita ku Chelinda pamwamba pa Nyika, ukadutsa chipata cha Thazima, umatsata malire ndipo pena umaloŵa mu Zambia n'kubwereranso, wapaulendo osadziŵa n'komwe. Munthu wobadwira kwa Katumbi, mayi wake wa kwa Muyombe, amene analima tsidya lino n'kukakwatira tsidya linalo, ndi wa dziko liti? Nanga wobwera kuchokera ku Mulanje kapena ku Machinga kudzalima fodya pa esiteti, amene nyakwaŵa yake ili kutali ulendo wa masiku aŵiri? Kumene kunalibe zikalata za kubadwa, alembi anadalira mawu a mafumu ndi a mboni za m'mudzi. N'chodabwitsa ndithu: khadi la pulasitiki lokhala ndi kachipangizo ka kompyuta mkati mwake, muzu wake ndi chikumbumtima cha nyakwaŵa yokalamba yodziŵa kuti uje anabadwa chaka cha dzombe, kuseri kwa mtengo uja wa mkuyu.

Chiphasocho chitangotuluka, ochifuna anachuluka. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala za foni zilembetsedwe, mabanki anayamba kuchifuna, ndipo kalembera wa chisankho cha 2019 anatsamira pa icho. Koma pamene chinakhudza mphika wa munthu wa kumudzi ndi mu 2020, boma litayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP m'malo mwa makuponi amene analipo kuyambira 2005. Chaka choyambacho thumba la feteleza la makilogalamu 50 linali pa K4,495, ndipo wogula ankayenera kufika yekha ndi chiphaso chake kuti makina achiŵerenge. Cholinga chinali chabwino, pakuti m'kaundula wa makuponi munkapezeka maina a anthu akufa ndi midzi yosaoneka ndi maso. Komabe alimi ambiri anagona pamizere netiweki itakana, mvula yoyamba ikugwa, ndipo ena anauzidwa kuti feteleza wawo watengedwa kale pamene iwo sanaone ngakhale thumba lopanda kanthu.

Apa m'pamene panabuka chinthu chimene akale sanachidziŵe. Chiphaso cha msonkho ndi khadi la chipani palibe ankazisirira; munthu ankazinyamula ngati goli. Chiphaso cha unzika chili ndi mtengo, choncho chinapeza ogula. Mavenda anayamba kuzungulira m'midzi mwezi wa njala, kupereka ndalama pang'ono kuti mwini chiphaso akaŵagulire feteleza wotsika mtengo. Obwereketsa ndalama za katapira anayamba kuchisunga ngati chikole. Mlimi wopinyolitsa chiphaso amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo n'kovuta kumudzudzula ana ake akugona ndi njala. Koma wachita chimene agogo ake ankadana nacho ku Halale, kumene chikalata cha munthu chinali m'manja mwa bwana. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano bwanayo ndi mnansi wokhala ndi kagolosale pamsika.

Wotaya chiphaso naye ali ndi ulendo wake: kupolisi kukanena, kulipira, kenaka kudikira china. Kwa wokhala pa boma ndi ntchito ya m'maŵa umodzi kuyamba nayo. Kwa wa ku Tcharo m'mphepete mwa nyanja, kumene ofikako amadalira bwato kapena miyendo, ndi masiku ndi ndalama za ulendo zoposa mtengo wa chiphasocho. Ziphaso zoyamba zinalinso ndi tsiku lothera, ndipo kuyambira 2021 zambiri zinayamba kutha ntchito pamene zatsopano zinkachedwa, kufikira boma linalengeza mu 2023 kuti zakuthazo zipitirize kulandiridwa kwa kanthaŵi. Chisankho cha pa 16 September 2025 chisanafike, lamulo linati wolembetsa kuvota aonetse umboni wa kalembera wa nzika, ndipo nkhani inafika kukhoti mu 2024 chifukwa cha nkhaŵa yakuti opanda chiphaso atsala kunja. Dandaulo lake linali lofanana ndi la maepiskopi aja, ngakhale kuti chipata ndi china ndipo wolondera ndi wina.

Pamene kalembera ankayamba, akuluakulu ena ankanena kuti chiphaso chidzathandiza kuti mankhwala a m'zipatala za m'malire asamathere anthu a maiko ena. Mawuwo ali ndi nzeru yake, pakuti mankhwala ndi ochepa ndipo ogula ndi okhoma msonkho a dziko lino. Koma aliyense amene anaonapo mayi akufika pachipatala cha kumudzi usiku, atanyamulidwa panjinga kuchokera kumalire, matenda atamuyamba m'njira, adziŵa kuti namwino wofunsa chiphaso asanafunse za ululu waima pamalo pamene pankaima mnyamata wa malaya ofiira. Chiphaso chifunsidwe pambuyo, polemba m'buku.

M'nyumba zina za ku Hewe ndi ku Nkhamanga mukadali masutikesi achitsulo a ku Joni, pansi pa bedi, ndipo m'kati mwake, pamodzi ndi makadi a ubatizo, mumapezeka ziphaso za msonkho zofiirira ndi makhadi a chipani a zaka zotsatizana, omangidwa ndi kachingwe. Eni ake sanaataye, ngakhale palibenso woŵafunsa. Chiphaso chatsopano sichigona m'sutikesimo. Nkhalamba imachikulunga m'kathumba kamene munali shuga, n'kuchiika m'thumba la m'kati la jekete; mayi amachimanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya kuchigayo. Pa Chiweta wapolisi uja amachitembenuza, nayang'ana nkhope ya pakhadi ndi ya mwini wake, n'kuchibweza ndi manja aŵiri. "Yewo, adada." Nkhalamba imachikulunganso mosafulumira, basi n'kuyamba kukwera chitunda.