KUPULUMUTSA DZINO LOBOOKA POPANDA KULIZULA

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi



Mwana akafika zaka 6, nthawi imene ali pafupi kuyamba sukulu, amamera mano anai akuru kumbuyo kwa mano a ubwana. Makolo ambiri ayesa kuti amenewa adzaguluka monga anzace, koma iai, ndiwo mano a moyo wonse. Ndiwonso amene afulumira kubooka, pakuti pamwamba pace pali timing'alu mobisala zotsala za cakudya. Tizirombo ta m'kamwa tidya shuga wa m'zotsalazo ndi kuturutsa asidi, ndipo asidiyo asungunula dzino pang'onopang'ono. Tsono mwana akayamba kulira usiku, mankhwala odziwika kumudzi ndi amodzi okha, ndiwo kuzula.

Kale madotolo a mano anali kutsata ciphunzitso ca G. V. Black wa ku America, amene m'caka ca 1891 analangiza kuti bowo likuzidwe kufikira pabwino pomwe, kuti kuola kusabwerenso. Motero makina anali kudya dzino lamoyo pamodzi ndi loola. Koma m'zaka za m'ma 1970 Takao Fusayama wa ku Japan anaonetsa kuti poolapo pali miyalo iwiri. Wapamwamba ndi wofewa, wodzala ndi tizirombo, ndipo sungacire. Wapansi wangofoka cabe, ndipo ukatsekedwa bwino ulimbanso. Woyenera kucotsedwa ndi wapamwambawo basi.

Nzeru imeneyi inapindula m'maiko athu ano. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Jo Frencken, dotolo wa ku Holland wogwira nchito ku Tanzania, anayamba kukonza mano ndi zipangizo za m'manja zokha, popanda magetsi kapena makina oboolera. Njirayo ichedwa ART. Inayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, ndipo bungwe la World Health Organization linailengeza mu 1994.

Macitidwe ace ndi otere. Mwana agona cagada pa thebulo, ngakhale la m'kalasi momwe. Wanchito wa cipatala aika thonje kuti malobvu asafike, ndipo ndi kacitsulo konga kasupuni apala cofewa cija. Kawirikawiri jekeseni safunika, ndipo mwana amene aopa kulira kwa makina akhala phee. Pamenepo asakaniza ufa ndi madzi ace a mankhwala ochedwa glass ionomer, adzaza m'bowomo, natsindira ndi cala cobvala gulovu kuti alowenso m'timing'alu tija. Mankhwalawa amamatira ku dzino okha, ndiponso aturutsa fluoride wolimbitsa dzinolo. Mwana angoleka kudya ora limodzi.

Koma njirayi iri ndi malire ace, ndipo ndi pamenepa pamene mphunzitsi alowera. Icita bwino pa bowo laling'ono la mbali imodzi. Kuola kukafika pa mtsempha, tsaya likatupa kapena mafinya akaoneka, nthawi yace yapita. Cobvuta ndi cakuti bowo laling'ono silipweteka kwambiri, cotero mwana sanena, ndipo amai ace sadziwa. Mphunzitsi amene ayang'ana zikhadabo ndi tsitsi pa mzere wa m'mawa angathe kunenanso kuti, "Yasamulani!" Akaona banga lakuda kapena kabowo pa dzino la kumbuyo, alembe dzina la mwanayo, auze makolo, ndi kufunsa ku cipatala capafupi ngati alipo wophunzira nchitoyi. Iye mwini asatokose ndi singano, ndipo aletse makolo kuikamo fodya kapena kupaka mbulu wa aspirin pa usinini, pakuti umaocha.