MAINA A AKATSWIRI A MPIRA A KU BRAZIL

Omvera ambiri amene amatsatira mpira wa miyendo pa wailesi amalidziwa dzina lakuti Pelé, koma ndi owerengeka amene angayankhe atafunsidwa kuti Edson Arantes do Nascimento anali yani. Chikhalirecho munthu wake ndi mmodzi yemweyo, katswiri uja amene anathandiza Brazil kutenga chikho cha dziko lonse m'zaka za 1958, 1962 ndi 1970. Nanga n'chifukwa ninji osewera a dziko limeneli amatchuka ndi maina achidule?

Gwero lake lili m'mbiri ya dzikolo. Apwitikizi anafika ku Brazil m'chaka cha 1500, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 anthu miyandamiyanda anatengedwa ku Africa, ena kuchokera ku gombe la Mozambique, kukagwira ukapolo m'minda ya nzimbe ndi khofi. Pobatizidwa ankapatsidwa maina a Chipwitikizi, a makolo awo n'kuiwalika. Pamene ukapolo unkatha mu 1888, ambiri anali ndi maina a ambuye awo kapena achipembedzo, monga dos Santos, kutanthauza "wa oyera mtima", ndi Nascimento, kutanthauza "kubadwa". Lero maina a banja monga Silva, Santos, Oliveira ndi Souza ndi ofala kwambiri, kotero kuti paokha sangasiyanitse munthu ndi mnzake.

Tsono dzina losiyanitsa munthu limachokera pakhomo ndi m'maseweredwe a ana. Edson ali wamng'ono ankalephera kutchula dzina la Bilé, goloboyi wa timu imene bambo ake ankasewera, ndipo anzake pomuseka anayamba kumutcha Pelé. Poyamba dzinali ankadana nalo, koma linamukakamira mpaka imfa yake mu 2022. Manuel Francisco dos Santos anatchedwa Garrincha ndi mlongo wake, amene anamufanizira ndi kambalame kakang'ono kotchedwa dzina lomwelo. Ricardo Izecson dos Santos Leite anasanduka Kaká chifukwa mng'ono wake lilime linkamukanika potchula Ricardo.

Chinenero cha Chipwitikizi nacho chimathandiza. Monga m'Chichewa "ka-" amachepetsa chinthu ndipo "chi-" amachikuza, Apwitikizi amaika "-inho" kapena "-ão" kumapeto kwa dzina. Pa mpikisano wa 1994, Brazil inali ndi osewera awiri otchedwa Ronaldo. Wamkulu anali Ronaldão, ndipo mnyamata wa zaka 17, Ronaldo Luís Nazário de Lima, ankatchedwa Ronaldinho. Patapita zaka kunatulukira wina, Ronaldo de Assis Moreira wa ku Porto Alegre. Dzina la Ronaldinho linamugwera iyeyu, ndipo anawonjezerapo Gaúcho, momwe amatchulira anthu a chigawo cha Rio Grande do Sul, kwawo kwa mnyamatayo.

Choncho muulutsi akamafuula kuti Garrincha kapena Kaká, akutchula dzina limene linayambira m'kamwa mwa mlongo kapena mng'ono wa wosewerayo. M'dziko limene mabanja ambiri analandidwa maina a makolo awo, dzina lapakhomo lotereli lili ndi mtengo wake, pakuti analipereka ndi abale eni ake, anthu amene anamudziwa mwanayo asanatchuke.