Mbalame za Nyengo ya Mphukira

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mbalame za kwathu.

M'miyezi ya September ndi October, mvula isanagwe, mitengo ya miombo iphuka masamba ofiira. Imeneyo ndiyo nyengo yabwino yopenya mbalame. Tsiku lina, ndiri ku Chiparamba pafupi ndi Chipata, ndinalawira mbandakuca kunka kuthengo. Ndinamva nkhwali ndi njiwa, ndinaona nkhanga zirikupalasa, ndipo gwape anadzambatuka pafupi nane. Nayonso nsadzu inandiitana, kufuna kundilondolera ku njuci.

Koma mlendo wolemekezeka ndiye namzeze. Anamzeze ambiri amene afika kuno mvula iri pafupi acokera ku Ulaya. Tidziwa bwanji? Alipo anthu amene amaveka mbalame timphete kumwendo. Namzeze wina anambveka kamphete ku England m'caka ca 1911, ndipo anampeza ku Natal m'caka ca 1912. Tangoganizani, kambalame kosadzaza m'dzanja kuoloka nyanja ndi cipululu!

Wofuna kuona zambiri atsikire ku cigwa ca Luangwa. Kumeneko Mfumu Nsefu ndi Bwana Norman Carr anatsegula msasa wa alendo m'caka ca 1950, ndipo m'caka ca 1972 South Luangwa inakhala National Park. Muli mitundu ya mbalame yoposa 400. Pa nyengo yomweyi mbalame zofiira zodya njuci zikumba mauna m'magomo a mtsinje ndi kuikiramo mazira, nkhwazi irikulira pamwamba.

Tsopano mverani cimene candiwawa mtima. Nkhalango imene ndinali kutolamo masuku ndiri mwana yacepa ndithu. Mitengo yapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, ndipo ambiri a makalawo tiotha ndife a m'tauni. Mtengo ukagwa, cisa cigwa nao pamodzi. Mbalame zikatha, adzatola mbozi m'minda mwathu ndani?

Cifukwa cace, abale, pamene mupita kumudzi kukapuma, tengani ana anu m'mamawa, asiye malegeni ndi ulimbo kunyumba. Khalani cete patsinde pa mtengo, muwaphunzitse maina a mbalame monga anatiphunzitsa makolo athu. Ndipo polima munda watsopano, siyaniko mitengo ina, kuti namzeze pobwera apeze dziko likali lamoyo.

Tsalani bwino nonse.