Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokhazikitsa Chimbale cha Nyimbo za Country ku Likoma



Mfumu yathu yaikulu Mkumpha, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse za pano pa Likoma ndi za ku Chizumulu. Bwanamkubwa wa boma lino. Olemekezeka aphungu athu. Wapampando wa khonsolo ndi makhansala. Ansembe a ku St Peter's ndi atsogoleri a mipingo yonse, osaiwala mashehe. Akuluakulu a polisi ndi asilikali a pamadzi. Aphunzitsi, ogwira ntchito kuchipatala, eni malo ogona alendo ndi atolankhani. Abale athu amene mwaoloka kuchokera ku Cobue. Amayi, abambo, achinyamata, ngakhale inu ana mwakwera mumtengomo poti pansi pano malo atha: ndakulonjerani nonse. Amene sindinamutchule asandisungire kumtima, mayina ndi ambiri, pakamwa ndi pamodzi.

Atandiuza kuti gulu limene likukhazikitsa chimbale lero limaimba nyimbo za country, mnzanga wina ku Lilongwe anaseka. Akuti, "Pachilumba chopanda ndi hatchi yomwe, zipewa zazikuluzo n'zachiyani?" Ndinamusiya aseke, sadziwa mbiri yathu.

Nyimbo zimenezi si zachilendo kuno. Makolo athu ataphunzira sukulu za mishoni, ambiri anakwera sitima kukagwira ntchito ku Halale, ku migodi ya ku Zambia ndi ku Joni. Pobwerera, m'sutikesi munkakhala suti, bulangete ndi malekodi. Jim Reeves, uja wa mawu ozizira, anakaimba ku South Africa mu 1962, ndipo ngakhale anamwalira mu 1964, pa wailesi ya MBC sanatsikepo. Don Williams anafika mpaka ku Harare mu 1997. Agogo muli apowa mukumwetulira, ndikudziwa kuti ena munafunsira mbeta ndi nyimbo za Skeeter Davis. Musakane, mayi ali pambali panuwo ndi mboni!

Ndipo banjo imene imalira m'nyimbozi kwawo ndi kuno ku Africa. Inaoloka nyanja ndi anthu ogwidwa ukapolo, choncho ikamalira pa Mbamba yangobwerera kumudzi.

Nanga nyimbo za country zimakamba chiyani? Zimakamba za munthu amene wapita kutali kukasaka ndalama, za mkazi wodikira kalata, za ngongole, za pemphero. Kodi alipo pano amene sanaimepo pagombe kuperekeza Ilala ndi maso mpaka itabisika, m'bale wake ali momwemo? Sitima imeneyi yakhala ikutitengera anthu ndi kutibwezera ena kuyambira 1951. Nkhani zoimba tili nazo zochuluka kuposa a ku Nashville.

Tsopano tayang'anani anthu akhala kutsogolowa. Woimba wamkuluyo ndi msodzi. Usiku amakhala panyanja ndi nyali kukokera usipa, m'mawa akayanika pathandala, madzulo ndiye amagwira gitala, zala zili zong'ambika ndi chingwe cha chilimira. Mayi amene amamuthira mang'ombeyo anakulira m'kwaya, n'chifukwa chake mawu ake sasochera. Wa ng'omayo anaphunzirira ku malipenga, ndipo mukamvetsera bwino mumva kuti phazi lake silinaiwale. Wa besiyo ndi mphunzitsi, amachonga makope kaye asanapite kokonzekera. Waya wa gitala akaduka, pachilumba pano palibe sitolo yoti n'kukagula. Amatuma munthu ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu n'kudikira tsiku la sitima, ndipo podikirapo amamasula waya wa buleki ya njinga n'kumangapo kuti kuyeserera kusaime. Ndaiona ndekha gitalayo kuseri kuja, waya wachitatu ndi wa njinga. Tiwaombere m'manja anthu amenewa.

Apa ndithokoze boma kudzera ku EGENCO chifukwa cha magetsi a dzuwa. Tonse tikukumbukira masiku amene injini ikazima usiku, dansi inkathera pomwepo, mkwati asanavine n'komwe. Lero achinyamatawa akhoza kulumikiza zokuzira mawu n'kuyeserera mpaka atatopa okha.

Koma ndili ndi dandaulo, ndipo likupita kwa ife omvera. Timawaitana pa ukwati, pa chinkhoswe, pa msonkhano, n'kuwauza kuti, "Inu ndi ana athu, tangotiimbirani, mudya nsima." Wophika timamulipira, mwini boti wonyamula alendo timamulipira, koma woimba timamupatsa zikomo. Zikomo sagula waya. Ndipo chimbale chikutuluka lerochi, mawa wina adzagula chimodzi, mudzi wonse n'kutumizirana pa foni. Kumeneko ndi kuvuula ukonde wa mnzako iye ali mtulo. Eni malo ogona alendo, inunso ndakuonani: azungu anu akamavina kugombe Loweruka, oimbawa azibwerako ndi envulopu yooneka.

Nanunso oimba, bwerani kuno ndikunong'onezeni pagulu. Kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe limene lakhala likutolerera oimba ndalama za ntchito zawo kuyambira 1992. Wailesi ikaimba nyimbo yosalembetsa, ndalama yanu imapita kwina. Lembaninso pa pepala mmene muzigawirana zolowa, lero lomwe mukadali okondana, chifukwa magulu ambiri m'Malawi muno sanathe ndi kusowa luso, anatha tsiku logawana ndalama. Kwinaku, nyimbo za Kenny Rogers ndi Dolly Parton muziimba ndithu, timazikonda, koma eni ake anaziimba kale bwino. Ife tikufuna kumva za mwera wotsekereza asodzi ku Makulawe, za mayi wa ku Ulisa wodikira mwana amene anapita ku Joni, m'chilankhulo chathu chino cha pachilumba. Ndasangalala kuti m'chimbalechi zoterezo zilimo. Chachiwiri zichuluke. Ndipo atsikana muwapatse gitala, asamangoima kumbuyo ndi zisekese.

Nthawi yatha, oyendetsa mwambo ayamba kundiyang'ana ndi diso la kumbali. Ine chimbale choyamba ndikugula pompano, ndipo mawaya a magitala onse a chaka chino ali pa ine, afika pa Ilala ya sabata yamawa. A Bwanamkubwa, aphungu, mbale ikuchokera kwa ine ikubwera kwa inu, musayang'ane kumwamba.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chimbalechi chakhazikitsidwa. Anyamata, gwirani zida. Mulungu adalitse Likoma ndi Chizumulu.