Mayeso a Atsikana ndi Muyeso Wolungama

Mau olankhulidwa kwa nthumwi za mipingo pa msonkhano wa Sinodi



Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, makolo amafunsa funso limodzi: kodi sukulu yopambana ndi iti? Maina monga Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls ndi Mlanda Girls amatchulidwa ndi ulemu, koma sukulu za boma zoyendera, zimene atsikana ambiri a m'midzi amaphunzirako, zimatchulidwa motsitsa mau. Funsoli nlofunika kwa Mpingo, pakuti Mpingo uli ndi sukulu zake, ndiponso ana a Akhristu ake ali m'sukulu za mitundu yonse.

1. Chimene mndandanda wa zotsatira umabisa

Mayeso a MSCE ndi amodzi dziko lonse. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9, ndipo wopambana koposa ndiye wopeza mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi. M'zaka za 2023 ndi 2024 anakhoza ana oposa pang'ono 54 mwa 100 alionse, ndipo atsikana anatsalira m'mbuyo mwa anyamata. Mayeso ndi amodzi ndithu, koma khomo lolowera ku sukulu si limodzi.

Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8, boma limasankha opambana koposa kupita ku sukulu zazikulu zogonera konko, monga Lilongwe Girls. Otsatira amapita ku sukulu za m'maboma, ndipo otsala amalandiridwa ku sukulu zoyendera za m'midzi zotchedwa CDSS, zimene zinakhazikitsidwa mu 1998 m'malo mwa sukulu za MCDE. Sukulu zoyima pazokha zotchuka nazo zili ndi sefa ziwiri: mayeso olowera ndi fizi. Sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma zili pakati, pakuti ana ena amasankhidwa ndi boma, ena ndi eni sukulu.

Choncho sukulu imene inalandira atsikana anzeru zoposa mu Fomu 1 ikatulutsa atsikana anzeru zoposa mu Fomu 4, sichinachitike chodabwitsa. Mlimi amene anapatsidwa mbeu yosankhika, dimba lachonde ndi feteleza sangadzitamandire pamaso pa mnzake amene analima pa mtsetse wamiyala. Funso loyenera ndi lakuti: sukulu inampeza mwana pati, ndipo inamfikitsa pati?

2. Masiku awiri osiyana

Mtsikana wa ku sukulu yogonera konko amadzuka ndi belu, amadya panthawi yake, ndipo madzulo amawerenga pa magetsi mphunzitsi akuyang'anira. Mnzake wa ku CDSS amayamba watunga madzi ndi kusesa, nayenda mtunda wautali, nabwera kudzaphika. Pofika pa kope lake dzuwa lalowa. Ena amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, nadziphikira okha popanda wamkulu wowayang'anira, ndipo kumeneko nkumene mimba ndi maukwati aubwana zimawapeza. Sukulu zambiri zotere zilibe nyumba yophunziriramo sayansi, mabuku ngochepa, ndipo kwa zaka zambiri aphunzitsi ake ochuluka anali oti anaphunzira ntchito ya ku pulaimale.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Pamene maphunziro a ku pulaimale anakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Malo a ku sekondale sanachuluke motero, ndipo sukulu za CDSS ndizo zinasenza katunduyo. Nkosalungama kuzinyoza chifukwa cha katundu amene zinasenzera mtundu wonse.

3. Phunziro lochokera kutali

Amalawi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Spartan pafupi ndi Kempton Park, amene amatumiza ndalama za fizi kwao, amaona zomwezi ku South Africa. M'dera lomwelo la Ekurhuleni muli St Andrew's School for Girls ku Bedfordview, yoyamba mu 1902, ndi St Dominic's ku Boksburg. Sukulu zambiri zoyima pazokha kumeneko zimalemba mayeso a bungwe la IEB, amene mu 2024 anakhoza ana oposa 98 mwa 100, pamene ku mayeso a boma anakhoza 87 mwa 100. Komabe akatswiri a maphunziro kumeneko amachenjeza kuti nambala zimenezi zimawerenga okhawo amene anafika m'chipinda cha mayeso, osati amene anagwa panjira. Ku England, mu 2016 boma linayamba kuyesa sukulu ndi muyeso wotchedwa Progress 8, woona mtunda umene mwana wayenda chilowereni ku sekondale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: sukulu ingathe kukometsa zotsatira zake pongochotsa ana ofooka mayeso asanafike.

4. Chimene Sinodi ingachite

Amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 anatsegula nyumba za atsikana, osati pofuna mbiri ya mayeso, koma kuti mwana wamkazi asasiyidwe kunja. Pokumbukira ntchito imeneyo, zinthu zinai ziyenera kulingaliridwa.

Choyamba, sukulu iliyonse ya Sinodi, popereka lipoti, itchule nambala zitatu: atsikana amene analowa Fomu 1, amene analemba mayeso a Fomu 4, ndi amene anakhoza. Mphunzitsi wamkulu afotokoze za aliyense wosowa pakati pa nambala yoyamba ndi yachiwiri.

Chachiwiri, pa malo amene Mpingo umasankha wokha, ena asungidwire ana amasiye ndi ana a alimi osauka, ndipo thumba la fizi zao likhale ndi mtsogoleri wake ndi mabuku ake oonekera.

Chachitatu, mpingo uliwonse udziwe CDSS imene ili m'dera lake. Amai a Chigwirizano angathe kuyendera atsikana ochita lendi. Chipinda cha mpingo chokhala ndi magetsi chingatsegulidwe madzulo kuti ana awerengemo. Sukulu yokhala ndi zipangizo za sayansi ingalandire ana a sukulu yoyandikana nayo pa tchuthi.

Chachinai, kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti mwana wosafika zaka 18 asakwatiwe. Bwalo la mpingo lili ndi mwambo wake wolangiza, koma chilango chisasanduke mpanda wotsekera mwana ku maphunziro.

Sukulu zokhozetsa bwino ziyenera kuyamikiridwa, pakuti mwambo wao, khama la aphunzitsi ao ndi nsembe za makolo nzoona. Koma mtsikana wa ku CDSS amene wapeza mapointi 24 akuwerenga pa nyali ya m'manja, iye pamodzi ndi mphunzitsi wake, ayeneranso kutchulidwa pa msonkhano uno. Sinodi ikadzakumananso, ifunse mipingo yake kuti mwa atsikana amene analowa Fomu 1, ndi angati amene anafika kumapeto.