Eriyo Yopanga Tekha: Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ambiri kuno ku Chikwawa tinabwerera ku wailesi ya mabatire. Ndinakumbuka eriyo imene tinapanga tili Fomu 3, ndipo ndikufuna ana athu aidziwe.

Tinakhoma timatabwa tiwiri mopingasa, tinakulungapo waya wa kopa maulendo khumi ndi awiri, n'kulumikiza kapasita wozungulitsa wochotsa m'wailesi yakufa. Ukaimika chimenechi pambali pa wailesi, siteshoni ya pa medium wave yomveka ngati udzudzu imayamba kumveka bwino. Koyilo ndi kapasita zikagwirizana zimasankha liwu limodzi, monga ng'oma.

Tsono paja oimba likhuba akafuna kuti ng'oma ilire motsika amamata phula pachikumba. Kapasita ndiye phula la eriyo: akachuluka, eriyo imatsika. Vuto ndi lakuti pali phula lina limene sitimata ife. Mawaya awiri akayandikana amakhala kale kapasita wamng'ono. Ngakhale dzanja lanu likafika pafupi limawonjezerako, n'chifukwa chake siteshoni imathawa mukangochotsa dzanja.

Ine ndinadziyesa wochenjera. Ndinakuta waya yense ndi pepala la aluminiyamu kuti nditchinge phokoso lochokera ku mawaya a magetsi a m'nyumba. Wailesi inangoti zii! Ndinali nditalumikiza pepalalo kuzungulira konse, motero linasanduka mphete imene inkameza mphamvu yonse. Pamafunika kusiya mpata wa chala chimodzi pamwamba kuti nsonga ziwirizo zisakhudzane. Nditadula mpatawo mawu anabwerera, koma masiteshoni a kumtunda kwa bandi anasoweratu.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, aphunzitsi a Fizikisi ali pompano. Medium wave imayambira pa 530 kufika pa 1600 kHz, kutanthauza kuti kumtunda kumaposa kumunsi katatu. Kuti muyende mtunda wonsewo, kapasita ayenera kusintha kasanu ndi kanayi. Wanga ankayenda kuchokera pa 10 kufika pa 365 pF, zokwanira ndithu. Koma tinene kuti pepala lija lawonjezera 100. Tsopano mukuyenda kuchokera pa 110 kufika pa 465, komwe ndi kanayi kokha, ndipo bandi mukuigwira kawiri m'malo mwa katatu. Kuchotsa waya wina kumangosuntha malo amene mukumva, sikukulitsa.

Mankhwala ake ndi kutalikitsa. Siyani mpata pakati pa mawaya, ndipo muwalowetse m'paipi ya pulasitiki yaikulu musanakute ndi pepalalo. Mawaya opita ku kapasita akhale aafupi.

Koma ndisakunamizeni: kuthetheka kwa ziphaliwali za m'dzinja pepala silingakuletse. Chimene chimathandiza ndi kutembenuza eriyo pang'onopang'ono mpaka phokoso litachepa.

Alipo amene ali ndi wailesi yakufa kunyumba? Musataye, tumizani kwa a Mlembi athu kuti tikapereke ku kalabu ya sayansi teremu ikubwerayi.