Ngwazi za Moto wa ku Chernobyl

M'chaka cha 1986, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Soviet Union, munagwa ngozi imene anthu sanaiiwale mpaka lero. Usiku wa pa 26 Epulo, nthawi itakwana 1:23, ng'anjo yachinayi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'chigawo cha Ukraine, inaphulika. Zidutswa zoyaka zinagwera pa madenga oyandikana nayo, madenga amene anali omatidwa phula, ndipo moto unabuka m'malo ambirimbiri.

Oyamba kufika anali ozimitsa moto a pamalo pomwepo motsogozedwa ndi Lefutenanti Vladimir Pravik, mnyamata wa zaka 23. Posakhalitsa anatulukira anzawo a m'tauni ya Pripyat, pamtunda wa makilomita atatu, motsogozedwa ndi Lefutenanti Viktor Kibenok, nayenso wa zaka 23. Mkulu wawo, Meja Leonid Telyatnikov, anali pa tchuthi, koma uthenga utamupeza sanaŵerengere zimenezo.

Chimene chinawadetsa nkhawa n'chakuti ng'anjo yachitatu inali yogundizana ndi yophulikayo, ndiponso inali ikugwirabe ntchito. Moto ukanalumphira kumeneko, tsoka likanakhala paŵiri. Motero anakwera makwerero nalunjika padenga, atavala zovala zawo za masiku onse za ozimitsa moto. Zovalazo zimateteza ku malaŵi, koma mdani weniweni usiku umenewo sanali malaŵi ayi. Anali cheza chakupha chotuluka m'ng'anjo yong'ambikayo, cheza chosaoneka ndi maso, chopanda fungo, choloŵa m'thupi ndi kuwononga magazi ndi mafuta a m'mafupa. Pasanathe nthawi, ena anayamba kusanza, ena kufooka, khungu lawo likufiira ngati lopsa ndi dzuŵa. Otsika anatsika mothandizidwa, ena n'kukwera m'malo mwawo. Pofika m'bandakucha moto wa pamadenga unali utazimitsidwa, ngakhale wa m'kati mwa ng'anjo unayakabe masiku angapo.

Apolisi, amene anali pansi pa unduna umodzi ndi ozimitsa motowo, Unduna wa Zam'dziko, anatseka misewu yoloŵera kumaloko naimirira pamenepo mpweya woipawo uli ponseponse. Masana a pa 27 Epulo, iwo ndiwo anayenda khomo ndi khomo m'Pripyat kutulutsa anthu pafupifupi 49,000 ndi kuwakweza mabasi oposa 1,000. Anthuwo anauzidwa kuti angonyamula za masiku atatu. Tauniyo ndi bwinja mpaka lero.

Ovulala kwambiri anawatengera ku Chipatala Nambala 6 ku Moscow. Kumeneko, m'mwezi wa Meyi, anamwalira ozimitsa moto asanu ndi mmodzi: Pravik, Kibenok, Vasily Ignatenko, Nikolai Vashchuk, Vladimir Tishura ndi Nikolai Titenok. Mitembo yawo inali itadzala cheza chija kotero kuti inaikidwa m'mabokosi achitsulo omata, kumanda a Mitino, kutali ndi kwawo. Mwa anthu 134 amene madokotala anawapeza ndi matenda oopsa a chezacho, 28 anatisiya chaka chomwecho.

M'mwezi wa Seputembala 1986, boma linapereka ulemu wake waukulu kopambana, wa Ngwazi ya Soviet Union, kwa Pravik ndi Kibenok ali m'manda, ndiponso kwa Telyatnikov, amene anapulumuka. Anzawo anayi aja analandira mendulo yotsikirapo, ndipo anadikira zaka 20 kuti mu 2006 boma la Ukraine liwatche Ngwazi za Ukraine. Wina angafunse kuti kusiyanitsaku kunachokera pati, popeza denga linali limodzi ndipo manda ndi amodzi. Zikuoneka kuti mendulo nayo imayang'ana nyota za paphewa.

Pali chinanso choyenera kuchinena poyera pamaso pa ogwira ntchito m'boma. Boma lomwe linapereka mamendulowo ndi lomwenso linakhala chete kufikira madzulo a pa 28 Epulo, akatswiri a ku Forsmark m'dziko la Sweden atazindikira kale cheza chachilendo mu mpweya wawo. Amuna aja anatumidwa padenga osauzidwa chimene chinali kuwadikira, popanda zida zokwanira zoyezera chezacho. Kulimba mtima kunali kwawo, koma kusoŵa kwa zida ndi kubisa kwa nkhani kunali kwa okhala m'maofesi, ndipo golide wa mendulo sanafafanize mlandu umenewo.

Mu 1996, patatha zaka khumi, ozimitsa moto eni ake anasonkherana ndalama naumba chipilala chasimenti pafupi ndi siteshoni yawo m'tauni ya Chernobyl, chosonyeza amuna atagwira mipope ya madzi. Anachipereka kwa iwo amene anapulumutsa dziko lapansi. Telyatnikov anapitiriza ntchito ya zozimitsa moto kwa zaka zingapo, ndipo anamwalira ndi khansa ku Kyiv mu 2004 ali ndi zaka 53.